Bawo la pa Chia ndi Tchesi ya Kunja: Kodi Masewera Anola Nzeru?

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Salima kunka ku Nkhotakota, atatsala ndi makilomita oposa 20 kuti afike pa boma, amaoloka mlatho wa pa Chia. Kumanzere kwake aona thamanda lalikulu lozingidwa ndi bango ndi minda ya mpunga, ndipo madzi a thamandalo adzera pansi pa mlathowo kukathira m'Nyanja ya Malawi. Anthu a kumeneko moyo wawo uli pa nsomba ndi mpunga. Koma mlendoyo akaima masana, asodzi atakocheza mabwato ndi kuyanika maukonde, sadzalephera kuona amuna awiri atakhala moyang'anizana pa mthunzi, pakati pawo pali thabwa la maenje, anzawo atawazinga ngati pa bwalo la milandu. Amenewo akusewera bawo.

Tsono kwamveka mawu ochokera kumaiko ambiri onena kuti masewera a tchesi anola nzeru za ana, ndi kuti mwana wosewera tchesi akhoza masamu ndi kuganiza bwino koposa anzake. Mawu amenewa afika ndi kuno komwe, ndipo inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudzakomana nawo, kapena kwa mkulu wa sukulu, kapena kwa makolo, kapenanso kwa alendo obwera ndi mphatso ya mabolodi. Mudzapemphedwa kupatula nthawi ya ana ndi ndalama zochepa za sukulu chifukwa cha masewerawa. Chifukwa chake kuli koyenera kuti tilondole mbiri ya nkhaniyi, tione kumene bawo ndi tchesi zidachokera, zimene anthu akhala akukhulupirira za masewera otere, ndi zimene zidapezeka pamene chikhulupirirocho chidayesedwa.

Njira imene bawo lidadzera

Makolo athu adali nawo masewera a maenje kuyambira kalekale. Nsolo ndi nchuwa ankasewera pansi, atakumba mizere inayi ya timaenje pa bwalo ndi kutola timiyala kapena njere za mitengo. Masewera a mtundu womwewo alipo kwa Ashona, amene awatcha tsoro, ndi kwa Aganda, amene awatcha omweso. Koma bawo la malamulo ambiri lija, loseweredwa pa thabwa losema, lidachokera ku gombe la Nyanja ya India, kwa Aswahili. Mboni yake ndi mawu amene timanena posewera. Bao m'Chiswahili ndi thabwa. Dzenje losiyana ndi anzake lija timalitcha kuu, ndiwo mawu a Chiswahili otanthauza chinthu chachikulu. Mtaji m'chilankhulo chomwecho ndi mpamba wa munthu wamalonda. Mawu ngati amenewa samera okha. Amabwera ndi anthu.

Anthuwo mbiri yawo ili yodziwika. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera ku gombe, adakhazikika ku Nkhotakota, nayamba ufumu wa Ajumbe, amene ankadzitcha nduna za Sultani wa ku Zanzibar. Zombo zawo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kunka kutsidya la kum'mawa, kumene kunali njira yapansi yofika ku Kilwa. M'mwezi wa September 1863 David Livingstone adadzera pa Chia pomwepa ali pa ulendo wapansi, ndipo pa 10 September adafika ku Nkhotakota, nakhala pansi pa mkuyu waukulu, napeza Jumbe ndi anthu ake akukhoma chombo chatsopano. M'chaka cha 1889 Harry Johnston adapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, ndipo pofika 1895 ufumuwo udali utatha, Jumbe wotsiriza atachotsedwa ndi kutumizidwa ku Zanzibar.

Malonda a akapolo adatha, koma ulimi wa mpunga, Chisilamu, mawu ambiri a Chiswahili ndi bawo zidatsala m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Kumwera Ayao, amene nawonso ankayenda malonda a ku gombe, adafalitsa masewera omwewo. Pofika 1913 dokotala wina wa boma, Meredith Sanderson, adalemba za masewera a maenje a dziko lino, napeza bawo litakhazikika pamodzi ndi masewera akale aja. Tisabise kuti njira imene idatibweretsera masewera okomawa ndi yomwe idatenga abale athu ali m'magoli. Koma mlendo akakhala zaka zoposa 150 pa mudzi salinso mlendo, ndipo lero bawo ndi lathu.

Ntchito imene mutu ugwira pa bawo

Thabwa la bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, ndiwo maenje 32, ndipo nkhomo zake ndi 64. Wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri ndi nkhomo 32. Pa kaseweredwe ka kuno kwathu munthu ayamba ndi nkhomo 8 mu kuu ndi ziwiriziwiri m'maenje awiri oyandikana nalo, ndipo 20 zotsala azisunga pambali, nazilowetsa imodziimodzi nthawi yake ikafika. Akatapa nkhomo m'dzenje, azigawa imodziimodzi m'maenje otsatira. Yotsiriza ikagwera m'dzenje la nkhomo la mzere wa kutsogolo, loyang'anizana ndi dzenje la mnzake lokhalanso ndi nkhomo, adya za mnzakeyo nazilowetsa kumbali kwake. Ikagwera m'dzenje lina la nkhomo, atapa zonse napitirira. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, ulendo wake wathera pomwepo. Wogonja ndi iye amene mzere wake wa kutsogolo watha nkhomo, kapena amene alibenso poyenda.

Taonani tsono katundu amene mutu usenza. Ulendo umodzi ungathe kuzungulira kangapo, ndipo pozungulirapo chiwerengero cha dzenje lililonse chisintha. Wofuna kudziwa kumene adzathera ayenera kusunga m'mutu ziwerengero zatsopanozo, dzanja lisanagwire kanthu, ndi kulingaliranso chimene mnzake adzachita pambuyo pake. Alexander de Voogt, wophunzira wa ku Holland amene adakhala pakati pa akatswiri a masewerawa ku Zanzibar nalemba buku lake mu 1995, adaona mmodzi wa iwo akusewera osayang'ana thabwa, akungouzidwa ndi pakamwa kumene mnzake wayenda. Munthu wonena kuti bawo ndi masewera a alesi opanda nzeru sadaliyese.

Njira imene tchesi idadzera

Tchesi idabadwira ku India cha m'zaka za m'ma 500, ndipo dzina lake loyamba lidali chaturanga, kutanthauza magulu anayi a nkhondo: oyenda pansi, apakavalo, apanjovu ndi apamagaleta. Kuchokera kumeneko idafika ku Persia. Aarabu atagonjetsa Persia m'zaka za m'ma 600 adaitenga, naifikitsa ku Spain, ndipo pofika chaka cha 1000 idali itadziwika m'maiko ambiri a ku Ulaya. Cha m'ma 1475 malamulo ake adasintha, mfumukazi nipatsidwa mphamvu zoposa asilikali onse, monga zilili lero. Bungwe la tchesi la dziko lonse lapansi, FIDE, lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1924.

Bolodi la tchesi lili ndi tizipinda 64 ndi asilikali 32, pamene bawo lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64. Masewera onse awiri adadzera m'manja mwa Asilamu asanatipeze. M'masewera onse awiri mulibe mwayi kapena maere, ndipo palibe chobisika kwa wosewera aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti tchesi idatipeza m'manja mwa Azungu, nikhala nthawi yaitali m'matauni ndi m'sukulu zapamwamba, kotero kuti anthu adaiyesa masewera a ophunzira, bawo naliyesa la anthu wamba. Lero tchesi yafika ndi kumidzi. Amon Simutowe wa ku Zambia adalandira udindo wapamwamba koposa wa osewera tchesi, wotchedwa Grandmaster, mu 2009. Mayi Susan Namangale, amene adakulira m'mudzi wa Chombo m'boma lomweli la Nkhotakota, adasankhidwa mu 2018 kutsogolera bungwe la Chess Association of Malawi, ndipo adayesetsa kufikitsa masewerawa kusukulu za kumidzi ndi kundende.

Chikhulupiriro chakale cha kunola mutu

Maganizo akuti tchesi inola nzeru sadayambe lero. Mu 1786 nkhani ya Benjamin Franklin wa ku America idasindikizidwa, yonena kuti masewerawa aphunzitsa munthu kuoneratu zam'tsogolo, kuyang'ana mbali zonse, kuchenjera, ndi kusataya mtima zinthu zikaipa. Maganizo amenewa adali mbali ya chikhulupiriro china chachikulu chimene chidagwira masukulu a ku Ulaya zaka zambiri, chakuti mutu uli ngati mpeni, ndipo phunziro lolimba lili ngati mwala wonolera. Ukanola mpeniwo pa mwala uliwonse, udzadula chilichonse. N'chifukwa chake ana ankaumirizidwa kuphunzira Chilatini ngakhale sadzachilankhula ndi munthu.

Chikhulupirirochi chidayesedwa koyamba molongosoka mu 1901 ndi Edward Thorndike ndi Robert Woodworth a ku America. Iwo adazoloweza anthu kuyerekeza ndi maso kukula kwa timapepala ta ngodya zinayi, mpaka anthuwo adakhoza bwino. Atawapatsa timapepala ta maonekedwe ena, luso lija lidaoneka lochepa. Mu 1924 Thorndike adayesanso ana a sekondale oposa 8,000, napeza kuti ophunzira Chilatini sadakule nzeru mofulumira koposa ophunzira maphunziro ena. Ana ochenjera ndiwo ankasankha Chilatini, ndipo anthu ankatamanda Chilatini chifukwa cha nzeru zimene anawo adabwera nazo kale. Thorndike adatsimikiza kuti luso lichoka pa ntchito ina kunka pa inzake pokhapokha ntchito ziwirizo zili ndi zinthu zofanana m'kati mwake. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tidzakomana nayonso.

Zimene zidapezeka mwa akatswiri

Woyamba kufufuza mitu ya akatswiri a tchesi adali Alfred Binet wa ku France, yemwe pambuyo pake, mu 1905, adakonza mayeso oyamba oyesera nzeru za ana. Mu 1894 iye adalemba za anthu osewera tchesi osayang'ana bolodi. Adayembekeza kupeza kuti iwo aona bolodilo m'mutu ngati chithunzi, koma adapeza kuti chimene chiwathandiza kwambiri ndi kudziwa kwawo masewerawo ndi tanthauzo la kaimidwe ka asilikali. Mu 1925, pa mpikisano waukulu wa ku Moscow, ophunzira atatu a ku Russia adayesa akatswiri ena ndi mayeso a kukumbukira manambala ndi zinthu zina. Pa zinthu zosakhudza tchesi akatswiriwo sadapose anthu wamba.

Adriaan de Groot wa ku Holland, m'buku lake la mu 1946, adalongosola zimene adaona mwa osewera otchuka monga Alexander Alekhine ndi Max Euwe. Adapeza kuti katswiri wamkulu sawerengera patali kwenikweni koposa wosewera wabwino wamba. Chimene amposa nacho ndi kuona msanga pamene pali nkhani. Akaonetsedwa bolodi la masewera enieni kwa kamphindi, katswiri ankabwezera asilikali pafupifupi onse m'malo mwawo, pamene wosewera wamba ankakhoza ngati theka. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon a ku Pittsburgh adabwereza mayesowo, naonjezapo china: adamwaza asilikali pa bolodi mwachisawawa, mosatsata masewera alionse. Pamenepo kuposa kwa katswiri kuja kudachepa kwambiri, nakumbukira asilikali owerengeka okha monga wongoyamba kumene.

Tanthauzo lake nali. Katswiri alibe mutu waukulu wosunga chilichonse; ali ndi nkhokwe ya zinthu zambirimbiri zimene adaziona kale pa bolodi, ndipo akaona kaimidwe kodziwika akazindikira monga inu muzindikira nkhope ya mbale wanu pa msika. Nkhokwe imeneyo ili yodzaza ndi tchesi, ndipo chotuluka m'menemo ndi tchesi yomwe.

Zimene zidapezeka mwa ana a sukulu

Mwina wina adzati: akatswiri tawamva, nanga ana? Limodzi la mayeso oyamba pa ana lidachitika muno mu Africa. M'chaka cha sukulu cha 1973 mpaka 1974, ku Kisangani m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Zaire, Albert Frank adatenga ophunzira 92 a zaka 16 mpaka 18, naphunzitsa theka la iwo tchesi. Pakutha pa chaka adanena kuti osewerawo adaposa anzawo pa mayeso a manambala ndi a mawu. Malipoti okoma ngati amenewa adachuluka, ndipo maiko adayamba kuchitapo kanthu. Mu 2011 dziko la Armenia lidalamula kuti tchesi iphunzitsidwe m'sukulu zonse za pulaimale, ndipo mu 2012 nyumba ya malamulo ya maiko a ku Ulaya idavomereza mawu olimbikitsa tchesi m'sukulu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2016 Giovanni Sala ndi Fernand Gobet adasonkhanitsa mayeso 24 okhudza ana oposa 5,000. Adapeza kuti ophunzitsidwa tchesi adaposadi anzawo pang'ono, makamaka pa masamu. Koma adaonanso kuti pafupifupi mayeso onsewo adayerekeza ana osewera tchesi ndi ana amene sadapatsidwe chatsopano chilichonse. Ife aphunzitsi tidziwa kuti kalasi likalandira mlendo wansangala ndi chinthu chachilendo, ana amadzuka, amabwera kusukulu mokondwa, ndipo amalimbikira. Mwina ndi mlendoyo amene wathandiza, osati bolodi. Chifukwa chake mu 2017 awiriwo adayesa ana a pulaimale ku Italy, ena nawapatsa tchesi, ena masewera ena a pa bolodi monga drafuti. Pa mayeso a masamu sipadaoneke kusiyana koti munthu n'kudalira. Dziwani kuti Gobet si mdani wa tchesi, pakuti iye mwini ndi katswiri wake wodziwika wa ku Switzerland.

Mayeso aakulu koposa adachitika ku England, ndipo zotsatira zake zidalengezedwa mu 2016 ndi bungwe la Education Endowment Foundation. Sukulu 100 zidagawidwa pawiri mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Ana onse adali oposa 4,000, a zaka 9 ndi 10. Gawo limodzi lidaphunzira tchesi maola 30 kwa aphunzitsi odziwa masewerawo. Patapita chaka chimodzi, pa mayeso a boma, magawo awiriwo adafanana pa masamu, pa kuwerenga ndi pa sayansi. Anawo adakondwera nayo tchesi, ndipo ambiri adaidziwa, koma masamu adakhala pomwe adali.

N'zoona kuti ana ochenjera kawirikawiri amaphunzira tchesi msanga ndi kuikonda. Koma pamenepa tabwerera ku nkhani ya Chilatini ija. Mukaona kuti ana a m'gulu la tchesi ndiwo otsogola m'kalasi, yambani mwafunsa ngati sadali otsogola asanalowe m'gululo.

Tibwerere ku Chia

Zimene ophunzirawa adapeza ndi mayeso, munthu wa pa Chia angathe kuziona ndi maso. Msodzi wokhwima akayang'ana kumwera m'mwezi wa June, adziwa ndi maonekedwe a madzi ndi mitambo kuti mwera uli pafupi, naletsa anyamata kupalasa bwato kunka patali. Adziwa kusiyanitsa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe. Adziwa kumene chambo chimaswera ndi nyengo imene usipa uchuluka. Nzeru zimenezi n'zakuya, ndipo zapulumutsa miyoyo yambiri. Koma palibe pa Chia amene anganene kuti mnyamata akafuna kudziwa mphepo akhale pa bawo. Za nyanja aziphunzira pa nyanja, ali m'bwato ndi atate ake kapena amalume ake. Momwemonso katswiri wa bawo amene palibe womugonjetsa pa mudzi angathe kukhala wosadziwa kusunga ndalama za nsomba zake, ndipo mayi wogulitsa nsomba pa mlatho, amene sadagwirepo nkhomo, angathe kuwerengera phindu lake m'mutu mofulumira koposa onse. Aliyense wanola nzeru zake pa ntchito yake.

Komabe tisathamangire kunena kuti masewera alibe phindu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bawo mwana aphunzira kukhala pansi ndi kudikira nthawi yake. Aphunzira kugonja osamenya mnzake, ndi kupambana osanyoza. Aphunzira kuti malamulo ali amodzi kwa mwana wa mfumu ndi kwa mwana wamasiye. Mwana amene m'kalasi amatchedwa mbuli akagonjetsa mphunzitsi wake pa bolodi, aweramuka ali munthu wina, ndipo mawa adzabweranso kusukulu. Kwa ena masewera atsegula khomo lenileni, monga Simutowe amene tchesi idamfikitsa ku yunivesite ku Texas. Zonsezi n'zamtengo wapatali. Chimene mbiri ikana ndi chimodzi chokha: kuti luso la pa bolodi lidzaoloka lokha kukalowa m'buku la masamu. Nzeru siziwoloka zokha. Zifuna woziolotsa, ndipo woolotsayo ndinu.

Mphunzitsi achite chiyani

Choyamba, musalande nthawi ya masamu kapena ya kuwerenga kuti muipatse masewera. Kuyambira 1994, pamene sukulu za pulaimale zidakhala zaulere, makalasi athu adadzaza kwambiri, ndipo nthawi imene mwana aliyense alandira kwa mphunzitsi ili yochepa kale. Wofuna kuti mwana adziwe kuchulukitsa amphunzitse kuchulukitsa. Masewera akhale a pa nthawi yopuma kapena ataweruka.

Chachiwiri, mukafuna kuti bawo lithandize masamu, tulutsani masamuwo poyera. Kumbukirani mfundo ya Thorndike ya zinthu zofanana. Pa bawo zinthu zofanana ndi masamu a makalasi oyamba zilipo zambiri koposa pa tchesi, chifukwa bawo lonse ndi kuwerenga ndi kugawa. Ana awerenge mizere 4 ya maenje 8, nalembe pa bolodi la kalasi kuti 4 kuchulukitsa ndi 8 ndi 32. Aike nkhomo ziwiriziwiri m'maenje onse, napeze 64. Afunseni: pa nkhomo 32, ngati 12 zili pa thabwa, pambali patsala zingati? Kwa okulirapo, mbali ya wosewera mmodzi ili ndi maenje 16. Ngati dzenje lili ndi nkhomo 19, yotsiriza idzagwera pati? Mwana akaona ndi maso ake kuti nkhomozo zizungulira kamodzi, yotsiriza nigwera m'dzenje lachitatu kuchokera pamene adayambira, wagwira ndi dzanja tanthauzo la kugawa kokhala ndi zotsala. Koma pokhapokha mutalemba ndi kutchula, mwanayo adzaziyesa za bawo basi.

Chachitatu, phunzitsani mwambo wa kuganiza ndi mawu omveka. Mwana asanatape nkhomo, anene kumene akhulupirira kuti adzathera, ndipo atayenda aone ngati adalondola. Akagonja, mufunseni pamene adalakwa. Kenaka, m'phunziro la masamu, nenani mawu omwewo: yamba wayerekeza yankho, chita, bwerera uone. Ukuku ndiko kuolotsa kumene tanena, ndipo kuchitika ndi pakamwa pa mphunzitsi, tsiku ndi tsiku.

Chachinayi, musadikire mabolodi a kunja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bawo losavuta, loyamba ndi nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, lifuna maenje 32 okumba pansi ndi timiyala 64, ndipo palibe sukulu yosauka kotero kuti ingasowe zimenezi. Itanani nkhalamba ya pa mudzi yodziwa masewerawa kuti idzaphunzitse ana malamulo, ndi kuwafotokozera za Ajumbe ndi za mawu a Chiswahili aja. Pamenepo mwaphunzitsanso mbiri ndi chilankhulo. Tchesi ikabwera ilandireni ndi manja awiri, pakuti ndi masewera okoma amene angadziwitse mwana wa pa Chia kwa anzake a dziko lonse lapansi. Koma musalole ana kuganiza kuti masewera a agogo awo ali otsika.

Chachisanu, atsikana asatsale. Pa mthunzi paja pamakhala amuna okhaokha, amayi ali kumunda, kudambo kapena pa moto. Kusukulu sikuyenera kutero. Mtsikana wa ku Chombo adatsogolera tchesi ya dziko lonse lino, ndipo m'kalasi lanu mudzakhala ena onga iye. Yang'aniraninso kuti masewera asasanduke juga, ndi kuti mwana asathawe ntchito ya kunyumba chifukwa cha iwo.

Chotsiriza, khalani oona pa zimene mudzanena kwa makolo ndi kwa akuluakulu a sukulu. Musalonjeze kuti masewera adzakhozetsa ana mayeso, chifukwa lonjezolo likalephera, makolo adzataya masewerawo pamodzi ndi chikhulupiriro chawo mwa inu. Nenani zimene mudziwa: kuti ana adzakondwa, adzaphunzira kudekha ndi ulemu, adzasunga mwambo wa kwawo, ndipo pamene mphunzitsi walumikiza masewera ndi phunziro, adzapeza njira ina yomvetsera manambala.

Kuyambira masiku a Franklin kufikira mayeso a ku England papita zaka 230, ndipo m'zaka zonsezo anthu akhala akufunafuna mwala umodzi wonolera nzeru zonse. Adayesa Chilatini, nayesa tchesi, ndipo mosakayika adzayesa china m'masiku anu. Mukadzamva za mwala watsopanowo, funsani mafunso amene mbiri iyi yatiphunzitsa: adayesa ana angati, adawasankha bwanji, ndipo adawayerekeza ndi yani? Tsiku lina mukadzaoloka mlatho wa pa Chia, imani pa mthunzi paja, mupereke moni kwa akuluwo, ndi kuwapempha kuti akuphunzitseni bawo. Adzakugonjetsani kangapo, ndipo mudzabwerera kusukulu kwanu mukudziwa mmene mwana amvera pamene chinthu chili chapafupi kwa mphunzitsi koma chachilendo kwa iye.